Mpando Wakumanzere ndi Dengu la a Fraser

Mutu 6

1. Miyezi ya ku Chileka

"Za ndege ine musandiuze. Ndege ndaigwira ndi manja angawa."

Amene ankayankhula anali a Fraser, kapitawo wa pa esiteti ya tiyi. Anali pa benchi la odwala pa chipatala cha mishoni ku Makwasa, Lachiwiri m'mawa. Palibe amene anawafunsa. Kungoti ndege inadutsa m'mwamba kwambiri, kamwana kena n'kuloza, ndipo a Fraser anaona kuti anthu onsewo akufunika thandizo.

"Zaka zitatu ndili pa bwalo la ndege ku Chileka," anapitiriza, akukonza jekete. "Oyendetsa ndege ankandiitana ndi dzina."

Pambali pawo panakhala Lestina, mwana wa mlongo wawo, mtsikana wa fomu 2. Dzanja lake lamanja linali m'chikhakha chatsopano, choyera mbee, kuchokera m'zala mpaka m'chigongono. Lamulungu anaterereka pa chitunda cha ku mtsinje ndowa ili pamutu. Ndowa inapulumuka.

Nkhani ya ku Chileka Lestina anayamba kuimva ali sitandade 3. Nthawi imeneyo atsibweni akewo anagwirako ntchito miyezi inayi. Pofika sitandade 8, miyezi ija inali itakwana chaka. Lero zinali zaka zitatu. Amayi ake anamunong'onezapo kuti ntchitoyo inali yokankha ngolo za zikwama. Choncho n'zoona kuti ndege anaigwira. Ankaitsamira popuma.

Lestina anangoyang'ana chikhakha chake. Mwana sawerengera atsibweni zaka.

Chimene chinkamuvuta chinali china. Kunali kutatsala masabata asanu kuti kukhale mayeso olowera fomu 3 pa sukulu yogonera ya atsikana. Mayesowo amalembedwa tsiku limodzi lokha pa chaka, ndipo aphunzitsi anasankha iye yekha m'kalasi monse. Fomu yovomereza inkafunika kubwerera kwa ahedi pofika Lachisanu, itasainidwa. Kwawo kwa Lestina wosaina ndi mwinimbumba, ndipo mwinimbumba anali a Fraser. Adokotala anali atanena kuti chikhakha chichoka pakatha masabata asanu ndi atatu.

"Atsibweni," anatero Lestina motsitsa, "ndimati ndiyese kulemba ndi lamanzereli."

A Fraser anatembenuka thupi lonse, kuti ndi a kumapeto kwa benchi omwe apindule.

"Tamvera iwe Lestina, ndikuuze pamaso pa anthu. Mulungu anatipatsa manja awiri, koma sanawapatse ntchito imodzi. Lamanja ndi lodyera, lolandirira, lopatsira moni, lolembera. Lamanzere lili ndi ntchito zake zimene sititchula pagulu. Ine ndinakula ndikuona mwana wamanzere akumangidwa dzanja kumsana ndi luzi, tsiku lonse, mpaka ataphunzira ulemu. Ankalira, koma anaphunzira. Tsono iwe ukufuna ukalowe m'chipinda cha mayeso ndi dzanja limenelo, ukalembe mapazi a nkhuku, anthu akaseke mtundu wathu wonse? Kusekedwa kumawawa kuposa fupa, mwana iwe. Fupa limalumikizana. Khala pansi uchire. Kuthamanga sikufika. Za sukulu yogonera tidzaona chaka chamawa."

Lestina ankadziwa kuti chaka chamawa adzakhala atadutsa kale pa khomo limenelo. "Chaka chamawa" anali mawu aulemu onenera kuti basi.

"Ngakhale ku ndege," anawonjezera a Fraser, "wamanzere amabwezedwa pa geti pomwe. Ndege si wilibala."

Kutsogolo kwawo kunakhala mayi wina wa chitenje chofwifwa ndi patapata, ataperekeza bambo ake okalamba. Mayiyo anatembenuka pang'ono.

"Pepani bambo, kungofunsa. Amene amakhala mpando wakumanzere uja m'ndege, amawongolera ndi dzanja liti?"

"Lamanja, mayi. Onse lamanja. Zimenezi n'zovuta kumvetsa ngati simunafikeko."

"Oo," anatero mayiyo. "Zikomo."

Pa benchi lomwelo panali mai Tabita, otchola tiyi m'gulu la a Fraser, amene pakamwa pawo pamadziwika esiteti yonse. Anabwera kudzayezetsa diso. Anafunsa mofatsa ngati mphaka pafupi ndi mkaka.

"Nanga atapezeka woyendetsa ndi lamanzere, akapitawo?"

A Fraser anaseka mpaka kutsokomola.

"Atapezeka? Ine pano, amene ndatha zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi osabereka dengu, ndidzavula jekete ili, ndidzabereka dengu, ndidzatchola mzere wathunthu pamaso panu nonse."

"Mwamva anthuni?" anatero mai Tabita.

Benchi lonse linavomera kuti lamva.

2. Mapazi a nkhuku

Lachitatu masana Lestina anakhala pa khonde ndi kope. Anagwira cholembera ndi dzanja lamanzere, nachifinya ngati chikufuna kuthawa.

Chilembo choyamba chinaboola pepala. Chachiwiri chinagonera chinzake. Atamaliza dzina lake, mbali ya dzanja inali itapukuta inki yonse, ndipo chimene chinatsala pa pepala nkhuku ikanachikana.

Amayi ake anafika kuchokera kumunda, dengu kumsana, pulasitiki yotchingira mame ikadali m'chiuno. Anayang'ana kopelo nthawi yaitali.

"Mwana wanga," anatero, "ine sindinapite patali ndi sukulu, koma ichi ndikuona kuti si dzina limene ndinakupatsa. Atsibweni ako pakamwa ndi pamenepo, koma sakudana nawe. Pamene bambo ako anatisiya, amene anakugulira yunifolomu yoyamba ndi iwowo. Usawachititse manyazi. Ngati akana kusaina, akana. Ine kutsutsana ndi achimwene pamaso pa anthu sindingathe, ndipo iwe usayambe. Bweza fomuyo mwaulemu kuti ahedi apatse wina mpata usanawole."

Lestina anayesanso kawiri. Zala zinachita dzanzi. Anang'amba tsambalo, nalipinda, nakaliponya pamoto.

3. Ndege ya pa benchi

Lachinayi m'mawa anaika fomu yosasaina ija m'thumba la yunifolomu. Njira ya kusukulu imadutsa pakati pa munda wa tiyi, ndipo tsiku limenelo gulu la amayi ake linkatchola m'mphepete mwa njirayo. A Fraser anali atapita ku fakitale.

Pakati pa otcholawo panali munthu mmodzi wopanda dengu. Ankatchola ndi manja onse awiri, n'kumaponya masambawo m'dengu la mai Tabita. Anali mayi wa pa chipatala uja.

"Wa chikhakha!" anaitana. "Ulendo wakuti?"

"Kusukulu, anti. Kukabweza fomu."

"Yosaina?"

"Ayi."

Mai Tabita anawongola msana. "Iwe Lestina, ukuwadziwa amene ukuyankhula nawowa? Uyu ndi Joy, mwana wa malemu Queen. Amake tinkatchola nawo mzere umodzi asanasamukire kwa Khwethemule. Ndege zikuluzikulu zopita ku Joni zija amayendetsa ndi iyeyu. Ndi kaputeni. Wabwera kudzaona bambo ake."

Lestina anayang'ana kumapazi kwa kaputeniyo. Patapata anali atadzaza matope.

"Ndiye pa benchi paja mumadziwa?" anafunsa.

"Ine ndinangofunsa funso," anatero mai Tabita. "Diso ndi limene likudwala, osati mutu."

Anti Joy anapukuta manja pa chitenje. "Tabwera, mng'ono wanga. Mphindi khumi zokha. Sukulu siithawa."

Analowa m'shedi yoyezera masamba. Anti Joy anakhala pa benchi, namukhazika Lestina kumanja kwawo. Pakati pawo anagoneka ambulera. Kenako anathyola timitengo tiwiri, kamodzi kake, kamodzi ka Lestina.

"Benchi ili ndi ndege. Kutsogolo kuli mipando iwiri. Wakumanzere, pamene ndakhala inepa, ndi wa kaputeni. Wakumanja ndi wa wachiwiri wake. Ambulera iyi ndi ndodo zamoto, zowonjezera ndi kuchepetsa mphamvu ya injini. Zili pakati, ndipo n'zathu tonse awiri, palibe zina. Chowongolera, m'ndege imene ndimayendetsa ine, ndi kandodo kakafupi. Aliyense ali ndi kake, cha ku windo lake. Tsono tandiuza, iwe windo lako lili dzanja liti?"

"Lamanja."

"Ndiye uwongolera ndi lamanja, moto ndi lamanzere. Ine ndinakhala pamenepo zaka zisanu ndi zitatu. Dzanja lamanja linafika poidziwa ndege ngati mmene limadziwira njira ya pakamwa. Tisinthane malo."

Anasinthana.

"Windo lili kuti?"

"Kumanzere."

"Kandodo?"

Lestina anayang'ana kamtengo kamene kanali m'dzanja lake lamanzere. Analiyang'ana dzanjalo ngati mlendo amene wakhala m'nyumba zaka zambiri osafunsidwa dzina.

"Ndi zimenezotu," anatero anti Joy. "Tsiku limene amakukweza kukhala kaputeni, amakulanda dzanja limene unalizolowera. Mphatso yake ndi imeneyo. Kusukulu ya ndege tinayambira kumanzere komweko, m'tindege ting'onoting'ono, koma zaka zisanu ndi zitatu zimafufuta zambiri."

"Ndiye munangokhala n'kuuluka?"

Anti Joy anaseka. "Ndi anthu m'kati? Ayi. Pali chipinda chophunzirira, timachitcha simyuleta. M'kati mwake muli ngati ndege yeniyeni, chimagwedezeka, chimalira. Kusiyana kwake n'koti ukagwa umangotsegula chitseko n'kukamwa tiyi. Tsiku loyamba ndinamwa tiyi wambiri."

Otchola awiri amene anali pafupi anasiya kutchola kuti amve bwino.

"Ndinkafuna kuwonjezera moto, dzanja lamanzere n'kunyamuka lokha kukafuna ndodo kumene linazolowera. Linakamenya khoma. Potera, msewu wa ndege uli ndi mzere woyera pakati. Diso langa linazolowera kuuona mzerewo kuchokera kumanja, ndiye ndinkatera cham'mbali ngati lole yozemba dzenje. Kandodo ndinkakafinya mpaka zala dzanzi, ndege n'kumayenda peyupeyu. Wondiphunzitsa anali munthu wosaseka. Anangoti, 'Mayi, mukuyendetsa dzanja. Yendetsani ndege.' Ndinatuluka ndili ndi manyazi, zaka zonse zija ngati sindinakwerepo."

"Ndiye munatani?"

"Ndinakumbukira munda uno. Pa holide amayi ankanditenga kuti ndiphunzire kutchola. Ine ndinkatchola ndi lamanja lokha, lamanzere lili lende. Amayi ankati, 'Joy, tiyi satchola ndi dzanja limodzi. Wa dzanja limodzi dzuwa limamulowera dengu lili pakati. Usayang'ane dzanja. Diso litsogole pa nsonga yotsatira, masamba awiri ndi kansonga kake, dzanja lipeza lokha njira. Ndipo usafinye. Tsamba lofinyidwa limafika ku fakitale litapsa.' Mawa lake ndinagwira kandodo ndi zala zitatu zokha. Maso ndinaponya kutali, kumapeto kwa msewu. Pofika tsiku lachitatu ndinali nditaiwala kuti ndikugwira ndi dzanja liti."

Analoza kunja. "Tawaona amayi ako."

Lestina anayang'ana. Amayi ake anali chapatali, mutu uli zyoli, manja awiri akuthamanga pamwamba pa tiyi ngati mbalame ziwiri zojompha mapira. Sankayang'ana dzanja lililonse. Lestina anali atawaona akutchola kuyambira ali kumsana, koma anali asanaonepo zimenezi.

Anti Joy anatola ambulera ija.

"Tsono ndisakunamize. Kulemba n'kovuta kuposa kandodo kanga. Ine zinanditengera masiku. Iwe masabata asanu sangakupatse malemba okongola. Koma wochonga mayeso safuna maluwa, amafuna awerenge. Pendeketsa pepala, mutu wake uloze cha kumanja. Dzanja likhale pansi pa mzere kuti lisapukute inki. Zilembo zikuluzikulu, chilichonse pachokha. Cholembera usachifinye, si mbava. Diso likhale pa liwu lotsatira. Tsiku lililonse, ngakhale zala zidandaule. Ndipo ukhoza kuchita zonsezi n'kulephera ndithu. Ku simyuleta kuja ena amalephera. Ine sindikulonjeza malo ku sukulu yogonera. Fomu ndi yako, njira ya kusukulu ndi iyo."

Lestina anathokoza, nanyamuka.

Ofesi ya ahedi ili pafupi ndi geti. Chitseko chinali chotsegula, ahedi ali m'kati. Lestina anaima pakhomo, dzanja lili m'thumba mmene munali fomu.

"Lestina, wabweretsa?" anafunsa ahedi.

"Mawa, sala," anayankha. "Munati Lachisanu."

Masana ake anabwereka foni ya amayi ake kuti aziona nthawi. Anakhala pa khonde, napendeketsa kope.

4. Mzere wathunthu

Lachisanu m'mawa, nkhungu isanachoke, gulu lonse linasonkhana pa shedi kuti a Fraser agawe mizere. Tsiku limenelo palibe amene anachedwa. Kunabwera ngakhale otchola a gulu lina, dalaivala wa thirakitala, ndi mlonda amene nthawi yake yoweruka inali itakwana kale. Mai Tabita anali atayenda nayo nkhani.

"Mosheliwa, akapitawo," anatero mai Tabita popereka moni m'Chilomwe, akugwada mwaulemu wopitirira muyeso. "Kuli mlendo, kaputeni, mwana wa malemu Queen."

Anti Joy anapereka moni, atavala chitenje chomwe chija. A Fraser anali atamvapo kuti mwana wa malemu Queen amayendetsa ndege. Koma m'mutu mwawo woyendetsa ndege anali munthu wa chipewa ndi magalasi akuda, osati wokhala pa mzere wa chipatala ndi buku la odwala m'manja.

"Kaputeni?" anatero. "Inuyo?"

"Ndikakhala kuntchito, bambo."

Anatulutsa foni, nawaonetsa chithunzi. Anali iwo, malaya oyera, mizere inayi paphewa, atakhala mpando wakumanzere. Dzanja lamanzere linali pa kandodo, lamanja pa ndodo zamoto.

A Fraser anachiyang'ana chapafupi, kenako chapatali. Nkhope yawo inawala.

"Aa! Mafoni awa amatembenuza zithunzi ngati galasi. Ili ndi lamanja ili. Ine zimenezi ndimazidziwa."

Anthu anayang'anana. Ena anayamba kugwedeza mitu, poti n'zoona mafoni ena amatero. 

Lestina anali ataima kumbuyo kwa amayi ake, yunifolomu ili m'thupi. Amayi ake anamugwira siketi. Iye anasuntha ndithu, nagwada pambali pa atsibweni ake.

"Atsibweni, pepani. Taonani baji ya pachifuwa. Dzina likuwerengeka bwinobwino. Chithunzi chikanatembenuka, malembanso akanatembenuka."

A Fraser anayang'ana baji ija. Zilembo zitatu zinali chilili, zoyang'ana kumene zimayenera kuyang'ana. Anaziwerenga kawiri, mwina poyembekeza kuti zisintha maganizo.



"Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, akapitawo," anatero mai Tabita. "Inu tikungopempha msana."

Apa tiyenera kunena zoona za a Fraser. Akanatha kukalipa. Akanatha kukumbukira kuti akufunidwa ku fakitale. Mizere ya tsiku limenelo inali m'manja mwawo, ndipo aliyense ankadziwa kuti kapitawo wokwiya amagawa mizere ya pa chitunda. Koma anavula jekete, nalipinda bwinobwino, napatsa mlonda. Anatembenukira kwa mlongo wawo.

"Chemwali, dengu."

Amayi a Lestina anawabereketsa dengu, nawamanga pulasitiki m'chiuno. Inakana kukumana kumbuyo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi za ukapitawo zinali zitasonkhana malo amodzi. Anthu anaseka, ndipo a Fraser analowa mu mzere ngati munthu wolowa m'madzi ozizira.

Poyamba zinali zomvetsa chisoni. Ankatchola tsamba limodzilimodzi, akupuma mokweza. Dalaivala wa thirakitala anafunsa ngati abweretse mpando.

Kenako china chake chinasintha. Mutu unawerama. Mapewa anamasuka. Manja anayamba kuyenda okha, kutsogolo, m'mbali, kumsana, kutsogolo, ndipo masamba ankagwera m'dengu ngati mvula ya pa malata. Kuseka kunachepa mpaka kunatha. Pamwamba pa tiyi pamene adutsa panatsala mwaa, ngati tebulo.

"Ee," anatero mai Tabita chapansipansi. "Ndinaiwala. Munthu uyu kale ankatisiya tonse m'mbuyo."

Anti Joy anamugwira Lestina paphewa. "Taona bwino. Dzanja liti likutsogola?"

Lestina anayang'anitsitsa. Lamanja linkatchola bwino. Koma lamanzere linkatchola kawiri pamene linzake latchola kamodzi.

Amayi ake anayankha asanafunsidwe, maso ali kwa mchimwene wawo.

"Anabadwa amanzere. Mwana womangidwa ndi luzi amanena uja ndi iwowo. Ine ndinalipo. Agogo ako akapita kumunda, ndinkawamasula."



A Fraser anafika kumapeto kwa mzere, nabwerera ku shedi thukuta lili kamukamu. Anatula dengu pamapazi pa mai Tabita.

"Mzere wathunthu," anatero. "Alipo wodandaula?"

Mai Tabita analowetsa dzanja m'dengu, natulutsa masamba, nawayang'ana ndi diso lawo labwino lija. Masamba awiri ndi kansonga. Masamba awiri ndi kansonga. Panalibe lofinyika.

"Mlandu watha," anatero. Amayi ena analulutira, ndipo mlonda anabweza jekete ndi manja awiri.

Pamenepo Lestina anagwadanso. Anatulutsa mapepala awiri m'thumba. Anawapereka ndi dzanja lamanzere, chikhakha atachigwiriziza pansi pa mkono, kuti ulemu ukwane monga mmene ukanathera.

A Fraser anaona dzanjalo. Analandira.

Pepala lapamwamba linali kalata. Zilembo zake zinali zikuluzikulu, zina zotsamira kumanzere, zina kumanja, ngati anthu otsika basi ya ulendo wautali. A Fraser, amene sanaphonyepo mwayi wowerenga mokweza, anakonza kukhosi.

"'Okondedwa atsibweni. Kalata iyi ndalemba ndekha ndi dzanja lamanzere. Ngati mwatha kuiwerenga, wochonga mayeso adzathanso. Ndikudziwa kuti mukuopa kuti anthu adzandiseka. Ndikupempha mundilole akandiseke ndili m'chipinda cha mayeso, osati ndili pa khonde.'"

Anaima pamenepo. Kalatayo inkapitirira mpaka pansi pa tsamba, koma zotsalazo anawerenga chamumtima. Anatenga nthawi. Atamaliza anaipinda, naiika m'thumba la jekete la m'kati, mmene amasunga chiphaso chawo.

"Mapazi a nkhuku ndithu," anatero. "Koma nkhuku yake yopita kusukulu. Cholembera."

Anti Joy anatulutsa chawo. A Fraser anachilandira ndi lamanzere osazindikira, nachisamutsira ku lamanja, nasaina fomu ija pa bondo. Siginecha yawo ndi yaitali, ili ndi mchira, ndipo gulu lonse linadikira mpaka mchirawo utatha.

Pobweza cholembera anatsokomola pang'ono.

"Akaputeni, ku Chileka kuja ine ndinali mbali ya katundu. Za mipando sanatifotokozere."

"Popanda a katundu sitinyamuka, bambo," anatero anti Joy.

"Ndi zimene ndimawauza anthuwa," anatero a Fraser, navala jekete. "Tiyeni, tiyeni! Dzuwa lakwera. Mwaona mmene amatcholera tiyi, ndiye lero ndisamve chifukwa."

Anthu anabalalikira m'mizere. Lestina anapinda fomu, koma anti Joy anamuimitsa, namupatsa cholembera chija.

"Ichi sunga. Koma usasangalale msanga. Kunyamuka aliyense amanyamuka, nkhani ili potera. Mayeso ako ndi a maola angati?"

"Awiri, anti. Amati munthu amalemba masamba asanu kapena asanu ndi limodzi."

"Ndiye tsamba limodzi lisapitirire mphindi makumi awiri, ndi kuganiza komwe. Ine ndinyamuka Lachisanu likubwerali. Ndisanapite ndidzafika pa khonde panu ndi wotchi. Kalata ija inakutengera nthawi yaitali bwanji?"

Lestina anayang'ana cholembera, kenako njira ya kusukulu. Belu loyamba linali litayamba kulira kutsidya.

"Mphindi makumi asanu ndi ziwiri," anatero. "Osawerengera zolira."